Ana atatu m'nyumba imodzi, koma pa Schedule EIC tilembepo angati?

Tadala, South Bend:
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi mtolo, mundithandize kuutula. Chino n'chaka changa chachiwiri chodzazira anthu mafomu a msonkho kuno ku United States, ndipo fayilo ya lero yandizunguza mutu. Dzina sinditchula, South Bend ya kuno ku Indiana ndi mudzi, mukhoza kuwadziwa.

Ndi mayi akwathu, ali ndi green card (chilolezo chokhazikika kuno) kuyambira 2021, amagwira ntchito ya CNA (wothandizira anamwino) kumalo osamalira okalamba. W-2 yawo ya 2024, pepala la malipiro lochokera kuntchito, ikuonetsa $27,400. Loweruka amaluka anthu tsitsi pakhomo, ena amalipira pamanja, ena pa Zelle (kutumiza ndalama pafoni kudzera kubanki). Bambo a kunyumba ali ku Zomba, sanapondepo kuno. M'nyumbamo muli ana atatu. Mnyamata wa zaka 9 ndi wawo wobereka, anabwera naye limodzi. Mtsikana wa zaka 15 ndi wawonso, koma anatsala ku Blantyre ndi agogo ake, wafika mu 2024, akuti "cha m'ma Juni". Wachitatu ndi kamtsikana ka zaka 7, mwana wa mchemwali wawo, kobadwira konkuno. Akhala nako kuyambira 2022 chifukwa mayi ake amagwira ntchito yogonera komweko ku New Jersey.

Alowa muofesi nambala ili kale m'mutu: $7,830. Akuti mnzawo wa kutchalitchi anawauza kuti wa ana atatu amalandira imeneyo ya EITC (Earned Income Tax Credit, ndalama imene boma limapatsa ogwira ntchito olandira zochepa; ana ake amalembedwa pa fomu ya Schedule EIC), ndipo malata a nyumba ya ku Zomba anawawerengera kale pa ndalama yomweyo. Za tsitsi akuti tisalembe, "ndi zongothandizana". Ndiyambire pati?

Kondwani, Silver Spring:
Achemwali, yambani ndi kuwatsitsa pa $7,830 ija, asanaitanitse malata. Imeneyo ndi nsonga ya phiri pa msonkho wa 2024, amafikapo okhawo amene ndalama yawo yogwirira ntchito ili pakati pa $17,400 ndi $22,720 ngati sakulemba limodzi ndi amuna kapena akazi awo. Ukangodutsa $22,720, pa dola iliyonse yowonjezera boma limachotsa masenti 21 ndi kakang'ono pamwamba. Mayiwa adutsa kale ndi W-2 yokha. Ndiye ngakhale ana onse atatu atalowa, $7,830 saiona.

Za ana sindikuonapo vuto lalikulu. Mwana wa mchemwali amaloledwa, lamulo limatchula mlongo, mchimwene, mchemwali ndi ana awo. Wakhala m'nyumbamo chaka chonse, SSN (nambala ya Social Security) ali nayo poti anabadwira kuno, ndipo pa EITC safunsa kuti ankamudyetsa ndani. Chongani bokosi, pitirirani. Wa zaka 15 ndiye muwerenge masiku.

Mayi Chirwa, Dallas:
Kondwani mwana wanga, dekha. Tadala, ndikufunse chinthu chimodzi: mchemwali ameneyu ndi mchemwali wanji? Wa bere limodzi?

Tadala, South Bend:
Anangoti "mng'ono wanga". Ine ndalemba choncho.

Mayi Chirwa, Dallas:
Apo ndi pamene pagona nkhani. Kwathu mwana wa amayi aang'ono ndi mng'ono wako, mwana wa amayi aakulu ndi mkulu wako, mwana wa abambo aang'ono chimodzimodzi. Sitinama tikamatero, ndi mmene tinaleredwera. Amene timamupatula n'kumutcha msuweni ndi mwana wa amalume kapena wa azakhali basi. Koma IRS, bungwe la boma lotolera msonkho, onsewa imawaika m'thumba limodzi la cousin, ndipo cousin sali pamndandanda, mwana wakenso mulibe. Kasitomala akakuuza m'Chichewa kuti "mwana wa mng'ono wanga", iwe n'kulemba niece, wamasulira mawu molondola koma fomu walakwitsa.

Ine zinandigwera 2018. Bambo wina wolemekezeka kwambiri anandiuza kuti mnyamata amene amakhala naye ndi mwana wa achimwene ake. Patapita miyezi kunabwera kalata ya CP75, refund yaimitsidwa, akufuna zikalata zakubadwa zolumikiza iyeyo ndi mwanayo. Tinaitanitsa mapepala kumudzi, ndipo atafika tinapeza kuti abambo awo ndiwo anali pachibale, iwo ayi. Bamboyo anandikwiyira ine ngati ndine ndinalemba lamulolo. Chichokereni tsiku limenelo sindifunsanso kuti "ndi ndani wanu". Ndimafunsa kuti anabereka ndani.

A Mvula, Indianapolis:
Mayi Chirwa anena zoona, ndipo ndionjezere za kafunsidwe, chifukwa apa achinyamata mumapunthwa. Kumufunsa Mmalawi kuti "kodi ndi m'bale wanu weniweni?" kuli ngati kumutukwana. Ayankha kuti eya mokwiya, ndipo kwa iye wayankha zoona. Ine ndimatenga pepala loyera, ndimalemba dzina la kasitomala pakati, n'kufunsa kuti mayi anu okuberekani ndani, bambo anu ndani. Kenako dzina la mayi wa mwanayo pambali, mafunso omwewo. Mayina akakumana pa mayi kapena pa bambo, zili bwino, ngakhale atakhala a bambo mmodzi amayi osiyana, kapenanso mwana wopeza wa kholo lako, lamulo limawalola. Akakakumana kwa agogo, basi ndi cousin. Pepalalo ndimalisunga m'fayilo, tsiku ndi siginecha ya kasitomala zili pomwepo.

Tadala, usaone ngati tikukuvutitsa. Form 8867, yoonetsa kuti unafufuza mokwanira, udzaza ndiwe, ndipo PTIN, nambala ya wodzazira anthu mafomu, ndi yako. Pa mafomu otumizidwa mu 2025 chindapusa ndi $635 pa chinthu chilichonse chimene sunafufuze mokwanira, ndipo pa fayilo iyi pali zitatu: EITC, Child Tax Credit (kuchotsera msonkho chifukwa cha ana) ndi head of household (kulemba wekha ngati mutu wa banja). Zikwana $1,905, zochoka m'thumba mwako, osati mwa mayiwo. Kodi unawalipiritsa zingati?

Tadala, South Bend:
$180, a Mvula. Ndamva. Ndiwaimbira akaweruka, alowa shifiti ya masana.

Yamikani, Seattle:
Poyembekezera, ine ndili ndi ganizo pa za bambo ali ku Zombawo. Bwanji osawatengera ITIN (nambala ya msonkho ya munthu wopanda SSN) ndi Form W-7 n'kulemba married filing jointly, fomu imodzi ya mwamuna ndi mkazi? Standard deduction ya 2024, ndalama imene imachotsedwa msonkho usanawerengedwe, ikwera kufika $29,200 m'malo mwa $21,900, ndiponso kutsika kwa EITC kumayambira pa $29,640 osati $22,720. Ndiye kuti mayiwa abwerera pafupi ndi nsonga ija.

A Mvula, Indianapolis:
Ayi achimwene, pamenepo mwagwetsa nyumba yonse pofuna kukonza khonde. Mukalemba limodzi, onse awiri ayenera kukhala ndi SSN yololeza kugwira ntchito. Mmodzi akakhala ndi ITIN, EITC yonse yapita, ngakhale ana akhale khumi ndi makhadi awo. Kuonjeza apo, mukasankha kuti bambowo atengedwe ngati okhala kuno, ndalama zonse zimene amapeza ku Malawi ziyenera kulowa pa fomu. Deduction imene mukuithamangirayo ingawapulumutsire madola mazana angapo a msonkho, koma ataya masauzande asanu.

Njira yawo ndi head of household. Ndi okwatiwa inde, koma mwamuna sanagone m'nyumbamo miyezi 6 yomaliza ya chaka, ndipotu sanakhalemo n'kale lonse, mwana wawo wobereka amakhala nawo, ndipo lendi, magetsi ndi chakudya amalipira okha kupitirira theka. Pa malamulo a msonkho amatengedwa ngati osakwatiwa. Tadala angoonetsetsa kuti ali ndi pangano la lendi ndi mabilu m'dzina lawo, ndipo alembe m'manotsi kuti anafunsa za mwamunayo ndi zimene anayankhidwa.

Yamikani, Seattle:
Ndagonja. Ndinaiwala zoti ITIN ya mmodzi imapha zonse. Ndiye mwina ndi bwino ndikaonenso fayilo ina imene ndinayamba dzulo.

Mayi Chirwa, Dallas:
Kaoneni msanga musanadine send, a Yamikani.

Kondwani, Silver Spring:
Pa mwana wa mchemwali ndinathamanga, ndavomera. Tiyeni ku mtsikana wa zaka 15, chifukwa ndalama yeniyeni ili pamenepo. Lamulo likuti akhale nawo m'nyumba imodzi, muno mu United States, kupitirira theka la chaka. Miyezi imene anali ku Blantyre siwerengedwa, ngakhale mayi ake ankatumiza fizi ndi ya chakudya mwezi ndi mwezi. 2024 inali ndi masiku 366, theka lake ndi 183, ndiye pakufunika 184 kapena kuposa. Kuyambira pa 1 Julayi mpaka pa 31 Disembala ndi masiku 184 ndendende. Amene anafika pa 2 Julayi ali ndi 183, walephera ndi tsiku limodzi. Ndiye "cha m'ma Juni" si yankho. Tikufuna chidindo cha m'pasipoti.

Chinanso, tsiku lofika pabwalo la ndege si ndilo lofunika, koma tsiku limene anayamba kugona m'nyumba ya mayi ake. Anthu athu mwana akatsika ndege ku Chicago amayamba wakhala kaye sabata kwa azakhali, kudikira kuti wina apeze tsiku lopuma adzamutenge. Funsani zimenezonso.

Tadala, South Bend:
Ndalankhula nawo, tatha mphindi makumi anayi. Ndiyambe ndi zabwino. Anditumizira chithunzi cha pasipoti: mtsikanayo ananyamuka ku Lilongwe pa 29 Juni, anadzera ku Addis Ababa, chidindo cha pabwalo la ndege la O'Hare ku Chicago ndi cha pa 30 Juni. Mayi ake anapita okha pagalimoto kukamutenga, anagona ku South Bend usiku womwewo. Ndawerenga masiku 185. Khadi la SSN linabwera mu Ogasiti, lilibe mawu aliwonse oletsa ntchito.

Zinazo ndi zimene Mayi Chirwa ananena. Ndinachita za pepala zija pafoni. Mayi wa kamtsikanako ndi mwana wa amayi awo aang'ono. Anakulira nyumba imodzi ku Ndirande, mphasa imodzi, mbale imodzi, chifukwa amayi aang'onowo anamwalira mwanayo ali wakhanda ndipo anamulera ndi amayi a kasitomala wangayu. Koma za kukhoti kapena mapepala a adoption kunalibe, anangomutenga monga timachitira. Nditawafotokozera kuti IRS simuwerenga ngati mng'ono wawo, anakhala chete, kenako anati, "Ndiye Azunguwa akundiuza kuti si m'bale wanga?" Ndinasowa poyambira.

Ndipo pali china. Anati, "Nanga chaka chatha zinatheka bwanji?" Anditumizira fomu ya 2023. Kamtsikanako kanalembedwa niece, za tsitsi mulibe, ndipo pamalo posaina wodzaza fomu palibe dzina, palibe PTIN, palembedwa kuti self-prepared. Akuti anawadzazira munthu wina pakhomo pake, ndipo malipiro ake anali gawo la refund.

Mayi Chirwa, Dallas:
Mmm. Amene aja a Febuluwale, ofika ndi mvula n'kupita ndi mvula. Pofika Epulo foni yawo siigwiranso.

Za funso lawolo, ine ndimawayankha chonchi: boma silikutsutsa chibale chanu, ndipo silingachithe. Lili ndi mndandanda wake wa anthu amene limalipirira, ndipo mndandandawo analemba ndi anthu amene kwawo mwana wa amayi aang'ono ndi mlendo wobwera pa Khirisimasi. Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma pa Schedule EIC mwambiwo palibe pouika. Ukawauza motero saona ngati ukuwatenga abodza. Chimene chimawapweteka kwambiri anthu athu si ndalama ayi, koma kuganiziridwa kuti amafuna kuba.

Kondwani, Silver Spring:
Masiku 185, mwapulumuka ndi awiri. Tsopano tiwerenge, kuti mukawaonetse manambala osati kungowauza malamulo. Tadala, za tsitsi zikukwana zingati?

Tadala, South Bend:
Tadutsa limodzi m'masitetimenti a kubanki ndi mauthenga a pa WhatsApp a anthu opangana nawo tsiku. Zolowa zikukwana $6,200. Zogula, monga mesh, mafuta, zipeso ndi mpando umene anagula, $1,700, malisiti ambiri ali nawo chifukwa amagula sitolo imodzi. Zotsala $4,500.

Kondwani, Silver Spring:
Chabwino. Schedule C, fomu ya bizinesi, ikupereka $4,500. Self-employment tax, msonkho wa odzilemba okha ntchito, ndi 15.3% ya 92.35% ya ndalamayo, pafupifupi $636, ndipo theka lake, $318, limachotsedwa. Ndiye ndalama yogwirira ntchito ndi $27,400 kuphatikiza $4,500 kuchotsa $318, yatsala $31,582. Yadutsa $22,720 ndi $8,862.

Ndi ana awiri: nsonga ndi $6,960, kuchotsa 21.06% ya $8,862, imene ndi $1,866. Zatsala pafupifupi $5,090, tebulo la IRS lidzasiyana ndi madola ochepa chabe. Akanakhala atatu bwenzi ili pafupifupi $5,960. Ndiye kamtsikana kamene tikulimbanira tsiku lonseli kakusintha $870 yokha pa EITC. Koma mtsikana wamkuluyo akanachedwa masiku awiri, bwenzi tikuwerenga za mwana mmodzi: $4,213 kuchotsa 15.98% ya $8,862, pafupifupi $2,800. Mwaona? Chidindo cha pa 30 Juni chija n'cha $2,300, osawerengera Child Tax Credit yake.

Pamwamba pa EITC pali Child Tax Credit ya ana awiriwo, onse sanakwane zaka 17, $2,000 aliyense pa msonkho wa 2024, ndipo gawo lobwezedwa limafika $1,700 pa mwana. Indiana nayonso ili ndi yake, 10% ya ya federal, ndiye kuli kena pafupifupi $500 ku state. Mukaphatikiza zonse mayiwa sakupita kunyumba manja ali m'thumba. Mwina adutsanso nambala imene anabwera nayo, kungoti yachokera m'mabokosi ena.

Yamikani, Seattle:
Ndifunse mwaumbuli. Tsitsilo akalisiya, EITC ikwera ndi pafupifupi $880, ndipo $636 ija salipira. Ndi ndalama yoposa $1,500. Kasitomala akakakamira kuti "lembani W-2 yokha", inu mumatani? Pajatu 1099, pepala lodziwitsa IRS kuti munthu walipidwa, palibe.

A Mvula, Indianapolis:
Ndimamubwezera mapepala ake mwaulemu, n'kumuperekeza mpaka pakhomo. Wandiuza kale kuti amaluka, sindingabwezere mawuwo m'kamwa mwake. Lamulo la due diligence likuti usanyalanyaze zimene ukudziwa. Phindu la bizinesi likafika $400, self-employment tax yayamba, kaya pali 1099 kaya palibe, ndipo za pa Zelle zili m'sitetimenti ya kubanki, aliyense wofufuza aziona tsiku loyamba.

Muonenso kuti bodzali limayenda mbali ziwiri. Amene ali kumtunda ngati mayiwa amafuna kubisa bizinesi. Amene ali kumunsi, wa W-2 ya $9,000 ndi ana awiri, amabwera ndi bizinesi yoluka tsitsi imene kulibe, yopanda chogula n'chimodzi chomwe, yokwana ndendende kumufikitsa pa $17,400. IRS imazidziwa zonse ziwiri, n'chifukwa chake Schedule C yokhala ndi EITC amaiyang'ana ndi maso awiri. Ndipo saloledwa kusiya zogula zina dala kuti phindu likwere. Zolowa zonse, zotuluka zonse.

Pofotokozera makasitomala ine ndimabwerera ku chiyambi chake. EITC inayamba 1975, nthawi ya Pulezidenti Gerald Ford, ndipo amene anaikankha kwambiri ndi Senator Russell Long wa ku Louisiana. Nthawi imeneyo inali 10% ya $4,000 yoyamba, kutanthauza $400 basi. Cholinga chinali kubwezera mabanja olandira zochepa ndalama imene Social Security imawadula pa malipiro, kuti kugwira ntchito kupindulitse kuposa kukhala pa welfare. N'chifukwa chake amakupatsa ngakhale msonkho wako uli ziro, ndipo n'chifukwa chakenso ndalama ya unemployment kapena child support siwerengedwa ngati yogwirira ntchito. Ndalama ya tsitsi ndi thukuta lenileni. Ikalembedwa imalowanso m'mbiri yawo ya Social Security, imene adzaifuna akadzakalamba. Mayi amene amasamalira okalamba tsiku ndi tsiku mfundo imeneyi saivutikira kumva.

Tadala, South Bend:
Nanga kamtsikanako ndingokasiya osakalemba paliponse? Ndipo mayi ake ku New Jersey angakalembe iwowo?

A Mvula, Indianapolis:
Mayi ake sangatenge EITC pa mwana amene sanakhale naye kupitirira theka la chaka, ngakhale anamubereka. Ndiye mu 2024 mwana ameneyu palibe amene amutengere EITC, uku ayi, uko ayi. Zowawa, koma ndi mmene zilili. Muwachenjeze onse awiri, chifukwa kawirikawiri wina kumeneko amakhala atamulemba kale, ndiye fomu yanu n'kukanidwa pa e-file chifukwa SSN yagwiritsidwa ntchito kawiri.

Kwa kasitomala wanu khomo lotsala ndi Credit for Other Dependents, $500. Munthu amene si wachibale pa mndandanda wawo akhoza kukhala dependent ngati wakhala m'nyumbamo chaka chathunthu, ndipo mwini nyumba ndiye wamusamalira kupitirira theka la zofunika zake zonse. Apa ndiye funso la "ankamudyetsa ndani" labwera. Mayi ake amatumiza zingati?

Tadala, South Bend:
Akuti $400 mwezi uliwonse osaphonya, kuphatikiza zovala ndi za kusukulu.

Kondwani, Silver Spring:
Ndiye ndi $4,800 pachaka, zovala tisanawerenge. Kuti mayiwa apose theka, ndiye kuti zonse za mwanayo, gawo lake la lendi, chakudya ndi zina, zipitirire kawiri ndalama imeneyo. Pa nyumba ya anthu anayi yodalira $31,000, ndikukayika. Dzazani worksheet ya support ya mu Publication 501 muone, koma musalimbane nazo kwambiri. Ndayesa pa manambala anuwa: msonkho wawo usanachotsedwe ma credit sukufika $900, ndiye $500 ija phindu lake lenileni pa refund silikwana $300. Sindingaike dzina langa pachiswe chifukwa cha $300.

Mayi Chirwa, Dallas:
Za mtsogolo ndiye zilipo. Mwana amene waikidwa m'manja mwako ndi bungwe lovomerezeka kapena ndi chigamulo cha khoti amawerengedwa ngati foster child, ndipo ameneyo ali pamndandanda. Kalata yolemba mayi ake n'kukadinditsa kwa notary, imene anthu athu amaikonda, si chigamulo cha khoti, pa EITC ilibe ntchito. Ngati mwanayu akhalitsa, akaonane ndi loya kapena a legal aid za guardianship kukhoti la ku St. Joseph County. Koma uwauze kuti zimenezo n'zazikulu kuposa msonkho, zikukhudza mphamvu za mayi wobereka pa mwana wake, ndiye akambirane pachibale kaye. Ifeyo si maloya. Ndiponso chigamulo cha 2025 sichibwerera m'mbuyo kukakonza 2024.

Ine chikundidetsa nkhawa ndi umboni wa mtsikana wamkuluyo. Masiku awiri ndi ochepa, ndipo sukulu imatsegulira mu Ogasiti. Kalata ya kusukulu idzaonetsa Ogasiti mpaka Disembala, miyezi isanu yosakwana. Julayi adzamuikira umboni ndani? Sonkhanitsa lero, osadikira CP75. Form 886-H-EIC imatchula zimene amalandira: makalata a kuchipatala, a kusukulu, a landilodi, a kutchalitchi, olembedwa pa pepala la chidindo chawo, okhala ndi dzina la mwana, la kholo, adiresi ndi masiku. Mwana wongofika kumene amapita kukabayitsa katemera asanayambe sukulu, ndiye kuchipatala kuyenera kuti kuli pepala la mu Julayi lokhala ndi adiresi ya nyumbayo. Kalata yolemba mnzawo kapena wachibale siithandiza kwenikweni.

Tadala, South Bend:
Zoona, anapita naye kukiliniki pa 8 Julayi, ndipo landilodi anamuonjezera pa pangano la lendi sabata yoyamba yomweyo. Abusa akuti alemba kalata yoti anamulandira mumpingo Lamlungu pa 7 Julayi. Tikiti ya ndege ndi chidindo ndasunga kale.

Chatsala ndi 2023. Kunena zoona ndikuopa kuwauza kuti abweze ndalama. Adzati mwana uyu watani, mnzake anatipatsa zambiri, iye akutilanda.

A Mvula, Indianapolis:
Adzatero, ndipo mwina adzakanena kutchalitchi. Pirira. Udindo wako ndi kuwauza kuti fomu ija ili ndi zolakwika ziwiri, mwana ndi bizinesi, kuwafotokozera zimene zingatsatire, ndi kulemba m'fayilo kuti unawauza tsiku lakuti. Kukonza ndi Form 1040-X asankha okha, sungawakakamize, ndiponso sungakawanenere. Koma uwaonetse njira zonse ziwiri. Akakonza okha, abweza chosiyanacho ndi chiwongoladzanja, ndipo akhoza kupempha kulipira pang'onopang'ono. IRS ikawapeza yokha, pamabwera chindapusa, chaka chotsatira sangatengenso EITC popanda Form 8862 yopemphera kuti awabwezere mwayiwo, ndipo ikaona kuti ananyalanyaza malamulo mwadala imawatsekera zaka 2, ikati ndi chinyengo zaka 10. Pa $5,000 pachaka, werengera wekha. Amene anadzaza uja sadzaoneka, fomu ikuti anadzaza okha.

Uwakumbutsenso kuti green card ya 2021 ikutanthauza kuti 2026 akhoza kupempha unzika, ndipo pa N-400, fomu yopemphera unzikawo, za msonkho amafunsa. Ambiri amene amakana kumva za chindapusa, akamva za unzika amakhala pansi.

Chimodzi usalole: asakuuze kuti "pokonzapo muikepo mtsikana wamkuluyo m'malo mwa wamng'onoyo". Mu 2023 anali ku Blantyre, ndipo SSN analibe. Chichokereni PATH Act ya 2015, SSN iyenera kukhala itatuluka pofika tsiku lomaliza lotumizira fomu ya chaka chimenecho. Yotuluka mochedwa sibwerera m'mbuyo.

Yamikani, Seattle:
Lamulo lomwelo ndi limene limagwira refund ya EITC mpaka pa 15 Febuluwale, eti? Makasitomala anga a mu Januwale andiimbira mpaka foni kutentha.

Kondwani, Silver Spring:
Lomwelo. Koma kwa Tadala tsikulo ladutsa kale, akatumiza sabata ino pa e-file ndi direct deposit ayembekezere masiku 21 ngati palibe chogwira. Asawalonjeze tsiku, a malata angadikire.

Tadala, South Bend:
Ndabwerako, anafika m'mawa uno asanapite kuntchito. Ndinayala mapepala atatu patebulo: la mayina a makolo lija, la masiku 185, ndi la manambala a achimwene a Kondwani. Pa la mayinalo anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Mayi anga akanamva zimenezi akanaseka." Koma anasaina. Worksheet ya support yaonetsa kuti sakufika theka, ndiye kamtsikanako sitinakalembe paliponse. Tatumiza head of household, ana awiri pa Schedule EIC, Schedule C ili momo, Form 8867 ndadzaza ndipo zonse ndasunga m'fayilo ya zaka zitatu. IRS yalandira, sinakane, kusonyeza kuti palibe analemba ana awiriwa kwina.

Za 2023 akuti ayambe alankhula ndi bambo ku Zomba, ndipo refund ikafika apatulapo ina asanatumize ya malata. Tapangana kuti abwere pa 18 Malichi ndi masitetimenti a kubanki a chaka chimenecho. Mng'ono wawo ku New Jersey amuimbira ndili pomwepo. Iyenso fomu yake anamudzazira munthu, ndipo sakudziwa ngati mwanayo analembedwapo kapena ayi. A Mvula, muli ndi munthu wodalirika cha ku Newark amene angamuonere?

A Mvula, Indianapolis:
Alipo mayi wina wa EA (enrolled agent, wovomerezedwa ndi IRS pa za msonkho), wa ku Zambia, Chinyanja amalankhula bwinobwino. Ndikutumizira nambala yake kumbali. Umuuze abwere ndi mafomu a 2022 ndi 2023 omwe, osati a chaka chino okha.